Belu la Njinga ya a Jairos

Nkhaniyi si yopeka ayi. Christine, nesi wa ku Kapata amene anali m'chipinda cha pachipatala momwe zinachitikira, amaisimba mpaka lero, ndipo ndi munthu wa pemphero, wosadziwa kukometsera nkhani.

Zelipa wa ku Madzimoyo anafika pachipatala china m'Chipata ali ndi chitenje chimodzi chokha. Amuna ake, a Jairos, onyamula anthu panjinga, anagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Mwami atakweza mwana wawo Tamiwe. Iwo anathera pomwepo. Mwana anamenyetsa mutu pa tala, nakomoka osatsitsimuka.

Madokotala anali pa kafukufuku wa ubongo wa ana ovulala mutu. Zelipa atavomera, anamumeta Tamiwe n'kumumata timawaya m'mutu monse, ndipo pa makina panayamba kuyenda timizere. Christine anafotokoza kuti mwana angakhale ali chikomokere, ubongo nthawi zina umamva mawu a munthu amene ukumudziwa, timizereto n'kugwedezeka. Ntchito ya Zelipa inali kulankhula naye dzuwa likamalowa, makina akujambula.

Abale onse anali kumaliro. Zelipa sanaponye ngakhale dothi pamanda a amuna ake. Amene anabwera ndi alamu ake okha, kudzamukumbutsa mwambo woti wodwala sauzidwa za maliro, angatsatire. Atatero anabwerera, iye n'kutsala yekhayekha, kulira kwake kwa m'bafa.

Nanga akanamuuza chiyani mwana? Anasankha bodza lokoma. Madzulo alionse ankamunong'oneza kuti, “Tamiwe, atate ako akubwera kudzakutenga.”

Masiku oyamba timizere tinangoti phee. Zelipa anaimba, anatchula anzake a kusukulu, anamugwira kuphazi, koma ayi ndithu. Zinkamupweteka mtima kuti mwana wobala yekha sakumva mawu a amake.

Tsiku lina atangomaliza mawu aja oti atate akubwera, kunja kunalira belu la njinga. Ngrii, ngrii. Timizere tinalumpha.

Christine anasuzumira pawindo. Chipindacho chinali cham'mwamba, ndipo pansi panalibe munthu, panalibe njinga. Anayang'ana mawaya onse, ali bwinobwino.

Mawa lake belu linalira m'khonde. Mkuja wake, pakhomo penipeni. M'chipinda munalowa fungo la girisi ndi thukuta la munthu amene wapalasa tsiku lonse. Zelipa analidziwa fungolo. Ndi iye ankachapa malayawo.

Chodabwitsa, timizere tikalumpha, mpweya wa mwana unkachepa. Dokotala anati mwina ndi khunyu yobisika, nawonjezera mankhwala. Koma Zelipa anali atazindikira: anali kuwaitana yekha amuna ake tsiku ndi tsiku, ndipo a Jairos sanali munthu wolonjeza mwana n'kusabwera.

Madzulo otsatira Zelipa sananenenso bodza lija. Belu linalirabe. Chitseko chinali chotseka. Matiresi anatsika kumiyendo kwa mwana, ngati pakhala munthu. Makina anayamba kulira. Milomo ya Tamiwe inachita bii.

“Christine, mukuona?”

“Ndikuona, amai,” anatero nesi.

Zelipa anagwada. Anaphwanya mwambo. Anaika pakamwa pa khutu la mwana nati, “Tamiwe, ndinakunamiza. Atate ako anamwalira. Usakwere.”

Kenaka anatembenukira pamatiresi paja. “Atate ake Tamiwe, pepani, ndine ndinakuitanani. Mwandisiya ndekha kale. Uyu yekha ndisiyireni.”

Matiresi anakwera pang'onopang'ono. M'khonde munamveka tcheni cha njinga yokankhidwa, osati yopalasidwa, chikupita, chikupita, mpaka kuzimiririka. Belu silinalire.

Patapita masiku Tamiwe anatsegula maso. Madokotala anakondwa, ndipo za timizere tolumpha tija anati adzazifufuzabe. Christine sanawauze za belu. Akanayambira pati?

Mwana anachedwa kulankhula. Tsiku limene lilime linamasuka, Zelipa anali kumumwetsa phala. Tamiwe anakankha supuni, nayang'ana kukhomo nthawi yaitali.

“Amama, munawabwezeranji atate?” anafunsa motsitsa mawu. “Amati kumene akupitako akuopa kupita okha.”

Pano ali kwawo ku Madzimoyo, ndipo Tamiwe akuyenda, ngakhale amakoka mwendo. Koma dzuwa likamalowa amasiya chilichonse n'kukaima m'mbali mwa msewu, mutu ataupendeketsa. Zelipa amaima pambuyo pake, atamugwira dzanja zolimba.