Maso a M'munsi mwa Phiri la Meru

Wilai anaona chachilendocho m'mawa wina atangolowa m'shedi yosemeramo zifaniziro. Mwana wamkazi wa mfumu anali atamwalira, ndipo amisiri ankamanga nsanja yagolide yowotcherapo thupi lake, yofanizira phiri la Meru kumene mizimu yachifumu imabwerera. M'munsi mwake munkayenera kuima zifaniziro za zamoyo za m'nkhalango yakumwamba: akazi amapiko, mikango ya zitamba za njovu, njoka zamitu yambiri.

Ntchito ya Wilai inali kujambula maso, ndipo maso amajambulidwa pomaliza, amonke, ansembe a kukachisi, atapemphera. Koma tsikulo mkazi wamapiko mmodzi anali akupenya kale.

Wilai sanachite mantha. Anakwera pampando n'kuyang'anitsitsa. Utoto unali wake womwe, koma dzanja silinali lake. Mzere wa chikope unali wosalala moti anachita nawo nsanje. Atafunsa anzake, onse anakana. Alonda analumbira kuti chitseko sichinatsegulidwe, ngakhale kuti mmodzi ananong'ona kuti usiku amamva kaphokoso ngati wina akusesa ndi nthenga.

M'mawa uliwonse chifaniziro china chinkapezeka ndi maso. Kenako Wilai anazindikira kuti maso onsewo akuloza pamalo amodzi: pabenchi ya Prasong, mkulu wa osema, amene anamuphunzitsa ntchito. Posakhalitsa Prasong anayamba kuwonda, mpunga ukumukanika kumeza.

"Amalume, pitani kuchipatala," anatero Wilai.

"Ndapitako, sanapeze kanthu," mkuluyo anayankha chapansipansi. "Izi tinazisema kuti ziperekeze munthu kumwamba, mwanawe. Zikapenya tsiku lisanakwane, sizidziwa kuti wachifumu ndi uti."

Wilai anatulutsa benchiyo panja, n'kumanga nsalu yoyera kumaso kwa chifaniziro chilichonse, ndipo anachonderera Prasong kuti ayambe wakhala kunyumba. Kunatsala mkango umodzi waung'ono wopanda maso. Mtima wake sunamulole kupita asanaone mwini dzanja lija.

Kutada anabisala pakona, kuseri kwa matabwa. Mdima unali wa ndiweyani, wonunkhira mtengo wosemedwa kumene, ndipo kutali kunkalira achule. Patapita nthawi kaphokoso kaja kanayamba, kofewa, kosathamanga. Kanaleka, kanayambanso.

Anayatsa tochi. Munalibe munthu. Nsalu zonse zinali pansi, zopindidwa bwinobwino, ndipo m'maso mwa mkango uja utoto unali usanaume. Anayendetsa kuwalako pang'onopang'ono m'shedi monse. Maso onse, ngakhale aja anauma kalekale, anali atatembenukira pakona pomwe iye anaima.