Ndagwira, Siyani

Nkhaniyi sindinaitole pamsewu. Anandiuza ndi mlamu wanga, nesi amene wakalambira m'chipinda cha angozi, munthu woti nkhani za mizimu amaziseka mpaka kutsokomola. Tsikulo analipo, bambo wokankha machira analiponso, ndipo onse awiri akali moyo.

Pachipatalapo panali mtsikana wophunzira udokotala amene anesi anamutcha Manjenje, chifukwa tsiku loyamba kusoka bala singano inkavina m'manja mwake mpaka wodwalayo anamufunsa ngati wadya. Dzinalo linkamuwawa, koma ntchito sankaithawa. Anali atalumbira mumtima kuti tsiku lina anesiwo adzasowa chomuseka.

Mmawa wa tsikulo adokotala aakulu anamuphunzitsa kupsinja bala lotaya magazi. Anati pachipinda chawo pali lamulo limodzi: wopsinja bala sachotsa manja, ngakhale atatopa bwanji, mpaka womulandira atanena mokweza kuti, "Ndagwira, siyani." Manjenje anagwedeza mutu, naganiza kuti zimenezo ndiye zophweka.

Masana kunagwa chimvula, ndipo basi inagubuduzika pamlatho. Ovulala anabwera nawo pa lole, ena akulira, ena ali zii. Chipinda chonse chinadzaza fungo la magazi, dizilo ndi zovala zonyowa. Adokotala aakulu, manja ali pachifuwa pa bambo wina, anakodola Manjenje ndi chibwano.

"Bedi lakumapeto, kuli mwana. Ntchafu. Psinja, usasiye mpaka ndibwere."

Manjenje anakankha katani. Pabedi panali kamtsikana kovala yunifolomu ya sukulu, milomo itayera. Pambali pake panaima mayi wina wosavala nsapato, diresi likudontha madzi, timagalasi tikunyezimira m'tsitsi, manja onse awiri atapsinja pantchafu ya mwanayo.

"Ndinu mayi ake?"

"Eya."

"Mwachita bwino, mayi. Khalani pansi tsopano, akuoneni nanunso."

Mayiwo sanasunthe. Manjenje anaika manja ake pamwamba pa awo. Anali ozizira ngati chitsulo cha bedi, mpaka kuzizirako kunalowa m'magolovesi. Anati mwina ndi mvula. Koma wophunzira udokotala ali ndi chizolowezi choipa, zala zake zikakhudza mkono wa munthu zimayamba zokha kufunafuna kugunda kwa mtsempha. Zinafuna, osapeza. Anasunthira pang'ono. Palibe.

Anadzutsa maso. Chifuwa cha mayiwo sichinkakwera kapena kutsika. Dontho lamadzi linatsika pamphumi n'kulowa m'diso, disolo osaphethira.

Phokoso la m'chipinda linamveka ngati lili kutali. Chinatsala ndi madzi odontha kuchokera m'diresi. Tho. Tho. Fungo la dothi lonyowa linakula.

Mantha anamugwira, tisaname. Miyendo inamuuza kuti katani ili kumbuyo kwake, angotembenuka basi. Koma mwanayo anabuula, ndipo Manjenje anaona kuti zala zozizirazo zayamba kulefuka. Magazi anatulukira pakati pa zalazo, ofiira kwambiri, akubwera modumphadumpha.

"Ndatopa," mayiwo ananong'ona. "Koma palibe wandilandira."

Apo mpamene anakumbukira lamulo lija. Anadziwanso kuti mawuwo sanenedwa chabe. Akawanena asanaupeze mtsempha, mwana wapita. Anakukuta mano, nalowetsa zala pansi pa zala za mayiwo, m'bala lotentha. Poterera. Anaphonya. Magazi anamuthira pamkono. Analowetsanso, chakumtunda pang'ono, ndipo kanthu kanagunda pansi pa chala chake. Anatsamirapo ndi thupi lonse. Magazi anasiya.

Anadikira kaye kuti atsimikize. Kenako ananena mokweza, mawu osanjenjemera.

"Ndagwira, mayi. Siyani."

Manja ozizira aja anasololoka pang'onopang'ono. Wina anausa moyo kufupi ndi khutu lake. Sanacheuke. Maso ake anali pabala, ndipo anakhala pomwepo mpaka mapewa anachita dzanzi. Adokotala aakulu atabwera anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti asasunthe. Manjenje anakwera nawo pamachira atagwada, dzanja lili pantchafu, mpaka m'chipinda cha opaleshoni, kumene dokotala wina anamulandira ndi mawu omwe aja.

Atatuluka, Manjenje anapeza mlamu wanga pasinki, akusamba m'manja mosalekeza.

"Anesi, mayi a mwana uja awaona? Avulala kwambiri."

Mlamu wanga anatseka mpopi. Akuti anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamugwira padzanja n'kupita naye m'kachipinda kogundana ndi bedi lakumapeto lija, mmene amagonekamo omwalira asanawatengere kumochale. Anavundukula nsalu. Diresi lomwe lija. Timagalasi m'tsitsi.

Mayiwo anafera pa lole, ali chigonere pa mwana wawo, manja pabala. Anthu anachita kuwakanganula pamwanayo, ndipo mayiwo anali oyamba kulowetsedwa m'kachipindako, mwana asanafike n'komwe pabedi. Mlamu wanga atalowa kukawakonza anapeza manja ali chipsinjire m'mwamba, limodzi pamwamba pa linzake, olimba gwa. Munthu wongomwalira kumene sauma choncho. Anayesa kuwawongola, analephera. Ali mkati molimbana nawo, anamva mawu a Manjenje kuseri kwa khoma, ndipo manjawo anafewa okha n'kugwera m'mbali.

Anaitana bambo wokankha machira uja. Iye analumbira kuti mwanayo anamusiya yekhayekha pabedi, atamangidwa bandeji, n'kuthamangira ena. Bandejiyo anaipeza pansi pa bedi itamasuka. Pambali pake panali chithaphwi cha madzi amatope, ndipo denga la pamenepo silidontha.

Mwanayo anachira, akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Dzina la Manjenje linafera tsiku lomwelo.

Patapita masiku Manjenje anakamuona mwanayo kuwodi. Anthu anali atamuuza kale za maliro. Kamtsikanako kanayang'anitsitsa manja a Manjenje.

"Ndinu amene munawalandira amayi?"

"Ndine."

"Ankangoti ndisagone, akubwera wina." Kanadzutsa maso. "Munachedwa, adokotala. Anatopa kwambiri."