Kombi ya Tayala Limodzi

Chiyamiko amakhala ku Emakhandeni. Amakonda Loweruka kwambiri. Masiku ena onse Ababa amakhala kufakitale. Loweruka lokha ndiye amasewera naye.

Koma Loweruka lina mpopi unauma. Amayi anatsegula. Dontho ndi limodzi lomwe ayi.

"Ndipita kumjigo," anatero Ababa.

Kumjigo ndi kutali. Kumjigo mzere ndi wautali. Chiyamiko anakhala pakhonde. Mtima unamuwawa.

"Ndiye lero sitisewera?" anafunsa.

Ababa anangotulutsa wilibala. Anaikamo zigubu ziwiri. Kenako anaimba mluzu.

"Kombi ya kumjigo iyi," anatero. "Watsala munthu mmodzi. Kombi sinyamuka isanadzaze."

"Ababa, imeneyo ndi wilibala."

"Wilibala iti? Kwerani mayi, mukutichedwetsa."

Koma Ababa awa ndi nthabwala! Chiyamiko anakwera. Anakhala pakati pa zigubu.

"Asambe, tiyeni!" anakuwa Chiyamiko.

Tayala linalira kwii, kwii. Kombi inakhotera uku. Kombi inakhotera uko. Chiyamiko anaseka mpaka m'mimba kupweteka.

Kumjigo anadikira pamzere. Anaimba. Anawomba m'manja. Nthawi yawo itakwana, anapopa limodzi. Mmwamba, pansi. Mmwamba, pansi.

Zigubu zinadzaza. Anadzazanso chidebe chimene anatenga panjira kwa agogo apafupi ndi kwawo. Chidebecho chinakhala pakati. Malo a Chiyamiko anatha.

Chiyamiko analengeza misozi.

"Kombi yandisiya," anatero.

Ababa ananjuta pafupi naye.

"Mwana wanga, kombi yadzaza," anatero. "Kutsogolo sindikuona bwino. Maenje andionera ndani? Ndikufuna kondakitala."

Chiyamiko anapukuta maso. Anagwira m'mbali mwa wilibala.

"Dzenje ilo, adalaivala."

Ababa anakhota.

"Nkhuku iyo, adalaivala."

Ababa anaima. Nkhuku inadutsa mosapupuluma, ngati msewu ndi wake.

Anatsitsa chidebe kwa agogo. Kenako anafika kunyumba. Madzi sanatayike. Ababa anagona chagada pakhonde, thukuta lili kamukamu.

Amayi anabwera ndi madzi akumwa.

"Watopa, mwanawe?" anafunsa.

"Ayi," anatero Chiyamiko. "Amayi, Loweruka likubwerali mpopi uumenso."

"Iwe, usatilodze," anatero Amayi akuseka.

Ababa anatsegula diso limodzi.

"Uume, usaume," anatero, "kombi inyamuka."