Shati ya m'Khola la Nyundo

Amene anapasula nyumba ya Fackson Njobvu ndi mpongozi wake, Elisha Mbuzi, ndipo anachita zimenezi mu Okutobala wa 2022, dzuwa likuswa mtengo. Mpaka lero dzinalo likatchulidwa, Fackson amalavula pansi.

Fackson atasiya ntchito ya njanji anakhala dalaivala pa kampani ina ya alonda ku Kafue Industrial Area. Anamupatsa vani yonyamula agalu popita ku maphunziro ndi ku mipikisano ku Lusaka. Anthu amaipeputsa ntchitoyi, koma ili ndi malamulo ake. Galu aliyense khola lake. Sudyetsa galu m'mawa wa ulendo, angasanze. Pa Chilanga umaima pamthunzi n'kuwapatsa madzi. Lamulo lalikulu linali lakuti Nyundo ndi Chimphepo, agalu aamuna aakulu ngati ana a ng'ombe, asakumane popanda chitsulo pakati pawo, chifukwa ankadana koopsa.

Amene anawotcherera makola a m'vanimo ndi Elisha. Ndipo n'komweko kumene anaonera Emelia, mwana yekhayo wa Fackson, amene ankatsuka makola, kudyetsa agalu ndi kupita nawo pa maulendo. Elisha anali mnyamata wa kutchalitchi, woimba kwaya, wogwada popereka moni. Ukwati wawo anthu anavina mpaka fumbi kuti kobo, ndipo Fackson ndi maondo ake owawa anavina nawo. Mwana atabadwa anamutcha Mapalo. Nkhalambayo inkadziona ngati munthu wamwayi m'Kafue yense. Maso a munthu ndi opusa, amaona kugwada, saona mtima.

Zonse zinayamba ndi shati. Nyundo ankaopa galimoto, ankalira ndi kuluma zitsulo njira yonse. Ackson, amene ankamuphunzitsa, anapeza njira: ankaponya m'kholamo shati yake yovalavala, yonunkha thukuta, ndipo galu akamva fungo la mbuye wake ankagona phee. Pobwerako Emelia ankatola zonse za m'makola, masaka, mbale ndi shatiyo, n'kuchapa. Tsiku lina pa kampani madzi anasowa, iye anapita nazo kunyumba. Elisha anapisa m'chikwama cha mkazi wake, monga amachitira amuna opanda manyazi.

"Iyi shati ni ya ndani?"

"Ni ya Nyundo, bashi Mapalo," anayankha Emelia, pomutchula monga bambo a mwana wawo.

"Galu avala shati manje? Na tayi avala?"

"Ni ya ba Ackson. Bamaika mu khola kuti galu asavute. Funsani ba tata."

"Ba tata bako bayangana chabe njila, imwe mugundana maondo pa mpando!"

Pamene pali utsi wa nsanje sipasowa wokupizira. Felistus, mayi wogulitsa nsomba za ku Chanyanya, anauza Elisha kuti anaona Emelia ndi Ackson akudya nshima mbale imodzi pa Chilanga. Sananene kuti dzanja lachitatu m'mbalemo linali la Fackson. Kuyambira pamenepo Elisha anasanduka chinthu chonyansa. Mkazi akaweruka ankamununkhiza zovala, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake kufwenkha ngati galu wa pa dzala. Lamlungu ankakweza manja m'tchalitchi, Lolemba Emelia ankabwera ku ntchito mlomo uli wotupa.

Fackson anapita kukaona Elisha. "Apongozi, nkhani ya shati ni ya galu chabe. Bwelani pa ulendo muone mweka."

"Nilibe nthawi yoonelela manyazi, apongozi," anayankha Elisha, maso ali pa zitsulo zake.

Nkhalambayo inabwerera itakwiya. Inauza Emelia kuti atenge mwana abwerere kwawo, koma iye anati, "Bazasintha, tata. Tipempherela." Nsanje simva pemphero. Imadya munthu mpaka atsale chikopa choyenda, ndipo ikamaliza mwiniwake imafuna wina.

M'mawa wa tsiku la mpikisano, agalu atalowetsedwa kale m'makola, Elisha anatulukira pa geti ndi chitini cha girisi, akumwetulira.

"Mwauka shani, apongozi? Nabwela kupaka zitseko, zinali kulila."

Fackson anakondwa, anati mwina Mulungu wamugwira mtima. Anamusiya kumbuyo kwa vani n'kupita kukamwa tiyi. Elisha anazula mapini otsekera khola la Nyundo ndi la Chimphepo, m'malo mwake n'kumangirira kawaya kowonda kuti zitseko zioneke zotseka. Ankadziwa bwino kuti pa Chilanga amene amatsegula kumbuyo ndi Ackson. Anaponya mapiniwo m'chitini, anatsanzika mwaulemu, napita.

Fackson, Emelia ndi Ackson atafika pa Chilanga anapeza kuti chigubu cha madzi chadontha chonse. Ackson anachinyamula n'kuwoloka msewu kukatunga ena. Pomwepo vani inagwedezeka. Kumbuyo kunamveka kubangula kumene Fackson anali asanakumvepo, zitsulo zikugunda, agalu ena onse akuuwa.

"Bazapayana, tata!" anafuula Emelia, n'kudumpha.

"Iwe, yembekeza Ackson!"

Maondo a Fackson anamuchedwetsa. Pamene ankazungulira vani, mwana wake anali atatsegula kale n'kugwira lamba wa m'khosi wa Nyundo. Galu akakhala pa ndewu sadziwa dzanja lomudyetsa. Chimphepo anatembenuka n'kumugwira Emelia pakhosi. Ackson anataya chigubu n'kuthamanga, anamenya, anakoka, koma magazi anali atadzaza kale pansi pa makola. Fackson anayendetsa vani ngati wamisala kupita ku chipatala. Emelia anamwalira panjira, mutu uli pamiyendo ya Ackson, shati ija atamutsekera nayo bala.

Elisha anafika ku chipatala pa minibasi, atangouzidwa kuti kwachitika ngozi. Pakhomo anaona Ackson ataima, wamoyo, wamphumphu. Anamufunsa modabwa:

"Iwe uli bwino? Si ndiwe umasegula kumbuyo?"

Sanafunse za mkazi wake. Fackson atamva mawuwo anakumbukira chitini cha girisi. Anapita kumbuyo kwa vani, anapeza tiwaya toduka tikulendewera pa zitseko ziwiri. Anasanza pomwepo, pafupi ndi tayala.

Apolisi anapeza mapini m'chitinimo, kunyumba kwa Elisha, pansi pa tebulo lomwe pankakhala Baibulo. Nyundo ndi Chimphepo anaphedwa sabata yomweyo, popanda wowafunsa mbali yawo, chonsecho iwo anachita zaugalu basi. Munthu amene anachita zoposa galu anamupatsa mpando m'khoti ndi loya womulankhulira. Felistus akugulitsabe nsomba, ndipo amauza ogula kuti iye ankamukonda Emelia ngati mng'ono wake. Fackson anasiya kuyendetsa galimoto. Amalera Mapalo, amene akamva galu akuuwa amabisala kuseri kwa chitseko.

M'khoti Elisha analira, nati sankafuna kupha mkazi wake. Woweruza anati amene watchera imfa mnzake sangadandaule kuti yagwira wina. Anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Ali ku ndende ya ku Kabwe, ndipo adzakhala komweko moyo wake wonse.