Mpando wa Seveni

Ana asukulu aja anali khumi ndi mmodzi. Anachokera kutsidya kwa nyanja ndi abusa awo kudzamanga makalasi a tchalitchi china, ndiye ntchito itatha anapita kunkhalango masiku atatu kukaona nyama. Anali ndi kachitidwe kawokawo: aliyense anali ndi nambala yake, ndipo galimoto isananyamuke ankafuula motsatizana, wani, thuu, mpaka leveni.

Dalaivala wawo, munthu amene anamerera imvi pantchitoyi, anazolowera kuwerenga alendo ndi tochi, mpando ndi mpando. Abusa atamuona anaseka.

"Musadzivutitse, bambo. Zaka khumi tikuyenda chonchi, sitinatayepo mwana."

Akanatani? Dalaivala anabweza tochi m'thumba.

Madzulo oyamba anaima padziwe pamene njovu zimamwa madzi, koma njovuzo sizinabwere. Dzuwa litalowa mdima unagwa msangamsanga, achule n'kuyamba phokoso lawo. Ana anakwera, n'kuwerenga. Leveni atangotchula nambala yake, kumbuyo kwa galimoto, kumene kulibe mpando n'komwe, kunamveka mawu aang'ono, osasa: "Thwelofu."

Ana anaphulika ndi phwete. Dalaivala sanaseke, chifukwa anamva kuti achule onse angoti zii.

Madzulo achiwiri, padziwe pomwepo, mawu aja anamvekanso, koma tsopano m'galimoto momwemo, pafupi ndi makutu. Panalibe amene anaseka.

"Amene ukuchita zimenezi usiye!" anakalipa abusa. Ana anangoyang'anana, maso ali tong'o.

Atabwerera kumahema kumene ankagona, wophika anamukokera dalaivala kuseri kwa khitchini. "Achimwene, padziwe paja musapitenso," ananong'ona. "Alonda amati pali chinthu chimene chimafuna mpando."

"Iwe, suka mapoto ako uko," anayankha dalaivala, koma mtima unali utamuthawa kale.

Potuluka anakumana ndi Seveni, mtsikana wofatsa amene kamera sinkachoka m'khosi mwake. Ameneyu analonjeza mayi ake kunyumba chithunzi cha njovu, ndipo tsiku lililonse ankamufunsa dalaivala ngati mawa zibwera. Lero funso linali lina.

"Bambo, kodi kuno kuli mbalame yolira ngati munthu?"

"Ilipo, mwanawe," ananama dalaivala. "Kagone, mawa njovu uziona."

Ndipo mawa lake zinabweradi padziwe paja, gulu lathunthu, dzuwa likulowa m'mitambo yakuda bii. Ana anatsika n'kuima pambali pa galimoto kumajambula. Posakhalitsa mphepo yozizira inawomba, chiphaliwali chinang'anima, njovu yamphongo n'kulira mokwiya kutsidya kwa dziwe. Mvula inakhuthuka ngati ya m'ndowa.

"Kwerani! Kwerani msanga!" anafuula dalaivala.

Mumdimamo, mvula ikuwomba lona la galimoto, ana anawerenga mwaphuma. Faifi. Sikisi. Seveni. Eyiti. Anafika pa leveni, aliyense n'kugwira mpweya kudikira mawu aja. Kunali chete.

"Mulungu alemekezeke," anausa moyo abusa.

Dalaivala anagwira tochi m'thumba, n'kuisiya. Njovu ija inali ikuyandikira, ndipo nambala zonse anali atazimva ndi makutu ake. Analiza galimoto.

Anazindikira atafika pachipata cha kumahema, pansi pa nyale. Ana anatsika mmodzimmodzi, iye akuwawerenga ndi maso, koma anathera pa khumi. Mpando wa Seveni unali wopanda munthu, wonyowa ndi matope.

Mayo ine! Anabwerera kudziwe ndi alonda amfuti, akuitana mpaka mawu kusasa. Mvula inali itafufuta mapazi onse. Kutacha anapeza kamera yokha, itaikidwa bwinobwino pamwala, lamba wake atapindidwa.

Abusa anawasonkhanitsa ana m'hema yodyeramo, maso ali psuu. "Ndani anayankha m'malo mwa Seveni? Nenani, sindikulangani."

Sikisi, mnyamata amene ankakhala mpando woyandikana ndi wa Seveni, anaimirira.

"Abusa, mawu anali ake," anatero motsitsa. "Anatsamira mutu paphewa langa njira yonse. Anali wozizira kwambiri, ndiye ndinamufunditsa jekete langa."

Palibe anafunsa kuti jeketelo lili kuti. Mnyamatayo anali ndi shati yokha.

Dalaivala anagwidwa ndi chisoni ndi manyazi. Mwana wa eni anamusiya yekha m'thengo, tochi ili m'thumba.

Abusa anatenga foni n'kuimbira mayi ake a Seveni. Inaitana katatu. Kenaka mawu a mayi anamveka m'hema monse, osangalala, ngati munthu amene wangodzuka bwino.

"Abusa! Zikomo poimba. Nanga mwana wangayo njovu zija waziona?"