Foni ya Lenia Inkadziwa Njira ya Kwawo

Nkhani iyi si yam'maluwa ayi. Wokayika akafunse a Rodrick, okonza mafoni pa Mponela, munthu wopemphera amene sangasewere ndi dzina la malemu. Akafunsenso mayi Manesi, ogulitsa mbatata pamphambano yolowera ku Kasakula. Onsewa ali moyo ndipo anaona ndi maso awo. Mwini nkhani, Nedson wa kwa Dzoole, masiku ano sakonda kuikamba.

Nedson ndi wakabaza wa njinga yamoto. Mkazi wake Lenia anali wa ku Kasakula, kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ndipo anamutenga chitengwa. Kwawo kwa mkaziyo anapitako kambirimbiri, koma njira sanaiphunzire. Akanaiphunzira bwanji? Lenia ankakhala kumbuyo n'kumamugogoda paphewa, lamanja akhotere kumanja, lamanzere kumanzere. Akathamangitsa njinga, mkaziyo ankamutsina m'nthiti amvekere, "Pang'onopang'ono, bambo a Thoko, sitikuthawa nkhondo."

Lenia anamwalira mvula ili pakati. Ali m'chipatala anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti zikavuta akamusiye kwawo, pafupi ndi amayi ake. Nedson anavomera. Koma tsiku la maliro mitsinje inali itasefukira, misewu ili phala lokhalokha, ndipo panalibe dalaivala wolola kukwera mapiriwo ndi bokosi. Akuluakulu anakambirana pafoni, amalume a Lenia anavomera ndi mtima umodzi, maliro anaikidwa kwa Dzoole. Amayi a Lenia, a Kezia, amavutika miyendo. Sanabwere, ndipo nkhope ya mwana wawo sanaione. Manyazi anamugwira Nedson moti ngakhale mvula itatha, ku Kasakula sanapondeko.

Nyengo yogula mbewu itafika, mavenda a soya anayamba kumuchita hayala kumidzi imene sanaimvepo n'komwe. Tsiku lina anasokera ndi kasitomala mpaka kukatulukira m'dimba la anthu. Venda uja anamunyoza pamaso pa amayi othirira, ndipo m'mawa mwake Nedson anali pabenchi ya a Rodrick kufunsa za mapu olankhula olozera njira.

"Kalipo kamakina kake ka njinga zamoto, sikaopa mvula," anatero a Rodrick. "Koma kamadziwa tala yekha. Tinjira tathu ta ngolo kakakusiyani m'thengo. Anzanu ena amangoika foni m'thumba n'kumamvera kukhutu, koma m'mapiri muja netiweki imathawa. Chanzeru ndi foni yaikulu, tiimange pachiwongolero, mapu tiwalowetseretu mkati."

Nedson anatulutsa kafoni kake ka mabatani. A Rodrick anaseka n'kunena kuti kameneko n'kowunikira popita kuchimbudzi basi. Kenaka kuseka kunatha, anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga foni ya malemu alamu ija ili kuti?"

Inali m'sutikesi, yokulungidwa mu duku loyera la Chigwirizano. Nedson anali asanaikhudze chiikireni maliro. Anaibweretsa. Akuikonza, a Rodrick anapeza kuti Lenia anasunga malo amodzi pamapu, ndipo anawalemba kuti kwathu. Anali Kasakula.

"Ndifufute?"

"Zisiyeni," anayankha Nedson, akuyang'ana kumbali.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Mayi wachizungu wa m'foniyo ankalankhula m'kachingwe ka kukhutu, Nedson n'kumakhota monga wauzidwira, osasokeranso. Anzake pasiteji ankamuseka kuti wakwatira mzungu.

Zinayamba masana ena m'mwezi wozizira, akuchokera kotula kasitomala cha ku Ntchisi. Nkhungu inali itatsika m'mapiri. Kumbuyo kunalibe munthu. Atayang'ana foni anaona mzere wa njira watembenuka wokha, ukuloza kumtunda. Anaganiza kuti waikhudza ndi chala. Kenaka mpando wakumbuyo unatsika, monga umachitira wina akakwera. Linabwera fungo la mafuta amene Lenia ankadzola popita kutchalitchi. Kukhutu kunali zii. Ndiye mawu anamveka, osati achizungu.

"Pang'onopang'ono, bambo a Thoko."

Nedson anaima pakati pa msewu. Sanacheuke. Analira ngati mwana, chipewa chili kumutu.

A Rodrick atamva, anafufuta Kasakula uja ndi dzanja lawo, n'kuzimitsa foni, n'kuyatsanso. Panalibe kanthu. M'mawa Nedson atabwera nayo, malo aja anali atabwerera, dzina lomwe lija. A Rodrick anaibweza foniyo ndi manja awiri. Anati iwo amakonza zowonongeka, koma iyi sinawonongeke, ndipo Nedson apite nayo kumene ikufuna.

Apa ndiye pamene munthu amamvetsa chisoni. Nedson ankadziwa khalidwe la mapu: ukafika kumene ukupita, mawu amasiya. Ndiye anapeza nzeru yake. Akaweruka ankatsata mzere uja mpaka pamphambano ya ku Kasakula, n'kutembenuza njinga. Akatero mawu aja ankamveka, ofatsa, osakalipa. "Si uku, bambo a Thoko. Bwererani." Iye ankayenda pang'onopang'ono kubwerera kwa Dzoole, kumvetsera mkazi wake akumupempha njira yonse. Mafuta ankatha, thupi linkatha, koma mawa lake ankabwerezanso. Tisamuweruze msanga. Amene sanagonepo m'nyumba imene mwachoka munthu sangadziwe njala ya mawu.

Amene anathetsa masewerawa ndi mayi Manesi. Madzulo ena Nedson akutembenuza njinga pafupi ndi mulu wawo wa mbatata, anamukodola.

"Achimwene, pepani, si nkhani yanga. Koma mayiwa mumangozungulira nawo bwanji osawafikitsa?"

"Mayi ake ati?"

"A duku loyerawo. Tsiku ndi tsiku mumafika nawo pano n'kubwerera." Anayang'ana kumbuyo kwa Nedson n'kutsitsa mawu. "Dzulo amalira."

Injini inali ikulirabe. Dzuwa linali litapendeka. Nedson analozetsa njinga kumtunda.

Njira ya kumeneko ndi yamiyala, yokhotakhota m'mbali mwa zigwa. Nkhungu inamukuta asanakwere chitunda choyamba. Nyale ya njinga inkangowunika utsi woyera. Pachitunda chachiwiri foni inaphethira kawiri n'kuzima. Anadina, anagwedeza, osayaka. Kutsogolo njira inagawikana pawiri.

Anazimitsa injini. Kutali munthu ankasinja mumtondo, kenaka analeka. Madzi ankadontha m'mitengo. Galu anauwa kamodzi. Fungo la mafuta lija linali pafupi, pakhosi pake penipeni.

"Mayi a Thoko," ananong'ona. "Njira sindikuidziwa."

Chala chinamugogoda paphewa lamanja.

Analiza njinga. Anakhotera kumanja. Patsogolo, lamanzere. Kenaka lamanja. Potsetsereka anaiwala n'kuthamangitsa, ndipo china chinamutsina m'nthiti. Anaseka, misozi ikulowa m'kamwa.

Chisisira chitagwa anafika polowera m'mudzi. Pamsewu panali masamba aawisi, oyalidwa mopingasa monga amachitira pakagwa maliro. Munthu wolemekeza sadutsa pamenepo ali pampando. Nedson anatsika n'kuyamba kukankha. Njinga inali yolemera ngati yanyamula munthu, ndipo anafika pabwalo la apongozi ake thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

M'mudzimo munalibe maliro. Ana ankasewera, amayi ena ankapeta chimanga. A Kezia anali pakhonde. Mwa mwambo, apongozi ndi mkamwini salunjikana maso. Chikwatireni Nedson, mayiwa ankamulonjera ali chapatali, nkhope atalozetsa kumbali. Tsiku limenelo anatenga ndodo yawo, anadzuka movutikira, n'kubwera molunjika. Anamudutsa Nedson ngati palibe munthu. Anaima pambali pa mpando wakumbuyo n'kutambasula dzanja.

"Wachedwa, mwana wanga. Tsika."

Njinga inapepuka. Nedson anaimva ikukwera m'manja mwake. Anadikira kuti mwina amva mawu amodzi omaliza, ngakhale omukalipira. Kunalibe. Fungo lija linapita ndi mphepo.

A Kezia anayenda kubwerera kukhonde, dzanja lina pandodo, lina lili m'malere ngati agwira mkono wa munthu. Atafika pakhomo anaima, nkhope n'kulozetsa kumbali monga kale.

"Zikomo akamwini. Mwafikitsa."

Nedson anagwada pafumbi pomwepo. Anafuna kupepesa za maliro aja, za mvula, za masiku onse amene ankabwerera pamphambano, koma pakamwa panangotuluka kulira. Alamu ake ndi amene anamudzutsa n'kumupatsa pogona. Atawafunsa za masamba a pamsewu, onse anayang'anana. Palibe anawayala, ndipo palibe anaona wowayala.

Pobwerera m'mawa anasokera kangapo. Ankaima n'kumafunsa njira kwa anthu a m'minda, ngati mlendo.

Foni ija sinayakenso. A Rodrick anaitsegula, anasintha batire, anayesa zonse, ndipo amati mkati mwake mulibe chowonongeka chilichonse. Anamuuza Nedson kuti amupezera ina, koma iye anakana. Mpaka lero yakufayo ili pachiwongolero, ndipo amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse asanapite kusiteji. Makasitomala amamukonda chifukwa sathamangitsa njinga. Chimodzi chokha ndi chimene salola. Wina akakwera n'kumugwira paphewa, Nedson amaimitsa njinga, n'kunena mwaulemu osacheuka:

"Pepani, gwirani chitsulo kumbuyoko. Pamenepo pali eni ake."