Maso a Makhlouf

Tsiku limene Zohara anationetsa zithunzi zake m'chipinda cha kuseri kwa sunagoge tinalipo ine Sultana, a Rabi, mabanja a anthu amene anawomberedwa pa siteji ya basi, ndi Freha, mkazi wa malemu Makhlouf. Makhloufyo anali mwana wa mchimwene wanga, ndipo naye anaphedwa pa sitejipo. Amene sanaoneke ndi Prosper, mkulu wake wa Makhlouf. Awiriwo anasiya kulankhulana kalekale polimbirana mpando wa bambo awo m'sunagoge, ndipo pamaliro a Makhlouf Prosper anaima patali ngati mlendo.

Zohara naye anataya mwana wamkazi pa sitejipo. Chiyambire pamenepo tulo analibe, ankangojambula nkhope za ophedwawo, maso n'kumalizira.

Kutacha, maso a Makhlouf anapezeka otsinzina. Utoto wosauma unali utakokedwa pansi bwinobwino, ngati zikope za munthu wogona. Zohara anawajambulanso. Kutachanso, otsinzina.

Mphekesera inayenda. Ena ankati malemu akukana kuyang'ana munthu wina wake. Oyandikana ndi sunagoge ankati usiku kumamveka kukhwekhwereza kwa mapazi, kenako kupuma kolemera ngati kwa ng'ombe yodwala. Kiyi wa chipindacho ankasunga Freha, popeza ndiye ankasesamo.

"Ndiwe, njoka iwe!" anakuwa Aziza, apongozi ake, pamaso pa anthu. "Ali moyo unkamutseka pakamwa, lero wayamba maso? Sabata likamalowa ndisakupeze m'nyumba ya mwana wanga."

"Mayi, nditulukire kuti ndi ana?"

"Kwanu kulibe zitseko?"

Lachinayi usiku ine ndi Zohara tinabisala kuseri kwa kabati ya mabuku. Mdima unali wogwirika ndi manja, fungo la utoto likukanda pakhosi, nkhope zonsezo zitatizungulira ngakhale sitinkaziona. Patapita nthawi zenera linalira pang'onopang'ono. Phazi linatera pansi. Kenako kupuma kuja, kukuyandikira, mpaka kunaima pa chithunzi.

"Gona, mphwanga," mawu ananong'ona. "Gona, wamakani iwe. Ukundiyang'aniranji?"

Zohara anayatsa getsi. Anali Prosper, chala chachikulu chili bii ndi utoto.

"Galu iwe," anatero Zohara. "Wayenda mumdima pafupi ndi nkhope ya mwana wanga ndi manja akowo?"

"Amene anamutseka maso mphwanga ndi anthu achilendo pamsewu," anayankha osatiyang'ana. "Inali ntchito yanga, ine mbale wake. Inu mwamutsegulanso."

"Nanga alamu ako akuthamangitsidwa, iwe uli chete?" ndinamufunsa.

"Azakhali, zimenezo n'za akazi."

Ndinamuwaza mbama, ndipo sindikupepesa.

Freha anakhalabe m'nyumbamo. Zohara anakana kukhudzanso chithunzicho, ndiye chili pakhoma chotsinzina pakati pa zinzake zoyang'ana. Mwana wamng'ono wa Makhlouf amafunsa chifukwa chake bambo ake okha akugona.

Zotsala ndi izi. Aziza sanapepese kwa Freha, ngakhale amadya mkate wake Sabata lililonse. Prosper sanapepese kwa Zohara. Pamwambo wathu, kwa wakufa munthu amapepesa kumanda, pamaso pa amuna khumi, ndipo a Rabi anamuuza Prosper kuti awasonkhanitse akapepese kwa Makhlouf. Wapeza asanu ndi awiri. Enawo akuti ayambe wagogoda kwa Freha, koma mpaka lero sanagogode.